Kholo Likayamba Kuiwala Lisanakalambe

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu)

Kaya muli pakhonde kudikira kuti nsima ipse, kaya muli m'golosale wailesi ili pashelefu, kaya mukumvera pafoni muli kuchipatala kudwazika m'bale wanu, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo wa pabanja. Sendezani mpando pafupi, ticheze.

Nkhani ya lero ndi yolemera, ndipo mabanja ambiri amaisenza mwakachetechete, chitseko chili chitsekere. Tikamba za matenda a ubongo amene achipatala amawatcha dementia, amene ena timangoti matenda oiwalaiwala. Ambiri tikamva za kuiwala timaganiza za agogo okalambitsitsa, oyendera ndodo. Lero tikamba za kholo limene mphamvu likadali nazo, imvi zangoyamba kumene, ana akadali pasukulu, ndipo ndi lomwelo limene limagula ufa pakhomo. Kholo lotere likayamba kuiwala, mumtima mwa ana ake mumachitika zotani? Nanga m'thumba mwawo?

Tiyenda motere. Poyamba tiona kuti matendawa ndi otani. Kenako tikamba za mtima wa mwana amene akudwazika. Tikachoka apo tilowa nkhani ya ndalama, ndipo pomaliza tikambirana zimene banja lingachite. Pa zonsezi, pali mawu amene ndikufuna mupite nawo kogona: matendawa ali ndi dzina, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Tiyerekeze khomo lina. Sindilipatsa dzina, chifukwa khomo lotere mungalipeze ku Ndirande, ku Kasungu, ku Chipata, ngakhale kuseri kwa nyumba yanu. Pakhomopo pali mayi a zaka 54, amasiye, ogulitsa zitenje mumsika. Ndi mayi akuthwa mutu. Chenji amawerengera pamtima, ndipo anzawo a banki mkhonde anawasankha kukhala msungichuma chifukwa zaka zonsezi sanasowetsepo ngakhale tambala. Ali ndi ana atatu. Wamkulu ali ku Joni. Wachiwiri, mtsikana, wangoyamba kumene ntchito m'tauni. Womaliza ali Fomu 2.

Zimayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina athira mchere kawiri m'ndiwo, nonse n'kuseka. Tsiku lina apereka chitenje kwa kasitomala n'kumubwezeranso ndalama yake yonse. Akufunsani kuti, "Kodi lero n'lachingati?" Mwawayankha. Musanamalize kutsuka mbale, afunsanso. Ndiye likwana tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde, zolembedwa m'kope sizikugwirizana ndi zimene zili m'bokosi. Anzawo aja, amene akhala nawo limodzi m'maliro ndi m'zinkhoswe, ayamba kunong'onezana kuti msungichuma wadya ndalama. Papita masabata angapo, mwana wa Fomu 2 uja akufuna kuphika phala, apeza ndalamazo zili zomanga m'kansalu, pansi pa thumba la ufa.

Mwaona zimene zachitika apa? Matenda asanadziwike dzina lake, anthu amawapatsa maina awo. Amati ndi kuba. Akakhala bambo amati ndi mowa, kapena apeza mkazi wina n'chifukwa chake malipiro sakuoneka. Kuntchito amati ndi ulesi ndi mwano. Kumudzi amati alodzedwa, pena amati anakhwimira bizinesi ndiye zizimba zawatembenukira. Dzina lililonse mwa amenewa limasiya bala, ndipo lililonse limadya ndalama.

Ndiye dzina lenileni ndi liti? Tiyeni tipite kaye kutali pang'ono. M'chaka cha 1901, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, bambo wina wogwira ntchito ku njanji, Karl Deter, anapita ndi mkazi wake kuchipatala cha odwala maganizo. Mkaziyo, Auguste, anali atayamba kusokoneza zophika, kubisa katundu m'nyumba, kuchitira nsanje mwamuna wake popanda chifukwa, ndi kukuwa usiku. Dokotala amene anamuona anali Alois Alzheimer. Atamufunsa dzina lake, anayankha bwinobwino kuti Auguste. Atamufunsa dzina la mwamuna wake, anayankhanso kuti Auguste. Atamupatsa pepala kuti alembe dzina lake, analekezera panjira, n'kunena kuti wadzitaya yekha. Mayiyu anamwalira mu 1906, ndipo dokotala uja atapima ubongo wake anapeza kuti unali utafota, muli timibulu ndi timaulusi topiringizana tomwe tinawononga mkati mwake. Matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu wofala kwambiri wa dementia, anatengera dzina kwa dokotala ameneyu. Koma tamverani ichi: Auguste anafika kuchipatala kuja ali ndi zaka 51 zokha. Wodwala amene anachititsa kuti matendawa adziwike sanali nkhalamba.

Dementia ndi dzina la zimene zimachitika ubongo ukamawonongeka pang'onopang'ono, mpaka munthu kulephera zimene ankachita tsiku ndi tsiku: kukumbukira, kuwerengera, kupeza mawu oti anene, kudziwa njira yakwawo. Zikayamba munthu asanakwane zaka 65, madokotala amati matendawa abwera msanga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ambiri mwa iwo m'maiko osalemera ngati athu ano, ndipo mwa odwala 10 alionse, pafupifupi mmodzi anayamba asanafike zaka zimenezi.

Njira zake ndi zingapo. Kupatula Alzheimer, pali mtundu umene umabwera chifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo yawonongeka ndi kuthamanga kwa magazi, shuga kapena sitiroko. Pali wina umene umayambira kutsogolo kwa ubongo, cha pamphumi apa, ndipo umakonda kugwira anthu a zaka zapakati. Umenewu umayamba ndi kusintha khalidwe munthu asanayambe n'kuiwala komwe. Mkulu wampingo wofatsa ayamba kutukwana, mayi osamala ndalama ayamba kumwaza. Mowa wa zaka zambiri, monga kachasu, umawononganso ubongo. Kachilombo ka HIV kakakhala nthawi yaitali kosamwera mankhwala kamafika ku ubongo, chimodzimodzinso chindoko chosachizidwa.

Apa mvetsetsani, chifukwa pali chiyembekezo. Zina zimene zimaoneka ngati dementia zimachizika kapena kuchepa: vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12 m'thupi, matenda a kukhumudwa, ngakhale mankhwala ena amene munthu akumwa. N'chifukwa chake kupita kuchipatala msanga kuli ndi phindu. Ndipo munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakudziwa pamene ali, musadikire kuti kuche. Amenewo angakhale malungo, shuga kapena matenda oumitsa khosi. Dementia imabwera mokwawa, miyezi ndi zaka.

(Kanyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kholo limene layamba kuiwala lisanakalambe. Taona kuti matendawa ali ndi dzina. Tsopano tilowe mumtima mwa mwana amene akudwazika.

Pakagwa maliro, mudzi umadziwa chochita. Uthenga umapita kwa mfumu, masamba amaikidwa pamsewu, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu amapita kumanda, chipepeso chimasonkhedwa, anthu amagona pasiwa. Koma mwana wa wodwala dementia amalira maliro a munthu amene ali naye pamphasa imodzi. Nkhope ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, chipsera chapamkono ndi chomwecho, koma amayi amene ankakulangizani, amene mukanawauza za mnyamata amene akukufunsirani, akuchoka pang'onopang'ono. Palibe amaika masamba pamsewu. Palibe amabwera kudzapepesa. Ndipo limafika tsiku limene mwalowa ndi madzi osamba m'manja, iwo n'kukuyang'anani mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Kodi inu ndinu mwana wa yani?" Katswiri wina wa ku America, Pauline Boss, anathera zaka zambiri akuphunzira chisoni chotere, cha munthu amene alipo koma palibe, ndipo anaonetsa kuti chimatopetsa kwambiri chifukwa chilibe tsiku lotsekera. Choncho inu amene mumalira kubafa kuti ena asakuoneni, musadzione ngati wofooka. Mukulira chinthu chenicheni.

Kholo likadwala lili ndi zaka 80, ana ake amakhala atakhazikika, ena ali ndi zidzukulu. Likadwala lili ndi zaka 50, mwana amene akulisamalira nayenso akadafuna kuleredwa. Mtsikana uja wangolandira malipiro ake oyamba, koma lero ndiye mayi wa mng'ono wake, ndiyenso mayi wa amayi ake. Anzake akukamba za sukulu yapamwamba ndi za chinkhoswe, iye akuganiza ngati mbaula yazimitsidwa. Tinakula tikudziwa kuti kuchipinda kwa makolo sikulowedwa, ndipo kuona thupi la kholo ndi malaulo. Lero mwana yemweyo akusambitsa kholo lake, akuchapa zofunda zimene ladziipitsira. Manyazi amenewa amagwira onse awiri, ndipo kawirikawiri kukana kusamba ndi kukalipa kwa wodwala kumachokera pomwepo.

Palinso mawu opweteka. Wodwala akaiwala pamene waika ndalama, ubongo wake umafuna yankho, ndipo yankho lapafupi ndi munthu amene amakhala naye nthawi zonse. "Wandibera iwe." "Ukundimana chakudya." Akutero mbale ya nsima angoimaliza kumene. Mlendo akabwera amulandira ndi nsangala, n'kumuuza kuti pakhomo pano akuzunzidwa. Mlendoyo apita akukhulupirira. Mwana amene wasiya zonse chifukwa cha kholo lake ndi amene amatchedwa wakuba.

Ndiye pali tulo. Dzuwa likamapendeka, odwala ambiri amayamba kusakhazikika. Amanga katundu, akuti akufuna kupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba imene anamanga okha. Usiku adzuka, akufuna kutsegula chitseko kuti apite kumsika. Wodwazika amagona khutu limodzi lili kuchitseko, mwezi ndi mwezi. Munthu wosagona mtima umafupika. Tsiku lina mudzakalipa. Tsiku lina mudzapemphera kuti Mulungu angowatenga akapumule, kenako mudzadzida nokha chifukwa cha pemphero limenelo. Ndikufuna mumve bwino: kumeneko ndi kutopa kwa munthu amene wasenza denga yekha. Chikondi chanu chikadalipo. Koma mukaona kuti dzanja layamba kufuna kumenya, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, uzani munthu lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala. Wodwazika nayenso amadwala.

Abale nawonso amagawikana. Amene ali ku Joni amaimba foni, amayi n'kulankhula naye bwinobwino kwa mphindi zochepa, iye n'kunena kuti, "Koma amayi ali bwino, mukungokokomeza." Amene ali pakhomo amaona ngati mnzake wagula ufulu ndi ndalama zimene amatumiza. Amene amatumizayo amaona ngati thukuta lake silikuyamikiridwa. Onse awiri akuvutika, koma aliyense akuona bala lake lokha.

Ndipo pali mantha amene ana ambiri satchula: kodi nanenso zidzandigwira? Dziwani kuti mwa odwala ambiri, matendawa sachoka kwa kholo kupita kwa mwana mwachindunji. Alipo mabanja ochepa kwambiri amene matendawa amayenda m'magazi, kugwira agogo, kholo ndi ana pa zaka zofanana. Ngati kwanu zili choncho, auzeni adokotala. Kwa tonsefe, akatswiri amene analemba lipoti m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024 anapeza kuti pafupifupi theka la dementia lingapeweke kapena kuchedwetsedwa. Yezetsani kuthamanga kwa magazi ndi shuga, siyani fodya, chepetsani mowa, valani chipewa choteteza mutu mukakwera njinga yamoto.

Bala lina lalikulu limachokera kunja kwa mpanda. Wodwala atuluka usiku, ayenda mpaka kutopa, kukucha ali m'mudzi wa eni, mwina zovala wataya panjira, dzina lake sakulidziwa. Anthu asonkhana, wina n'kukuwa kuti mfiti yagwa pandege. Abale anga, munthu ameneyo ndi mayi wa wina, bambo wa wina, ndipo kwawo akumufunafuna ndi misozi. Ku Malawi kuno lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kumumenya ndi mlandu. Mukapeza munthu wotere, mufunditseni chitenje, mupatseni madzi, mupite naye kwa mfumu kapena kupolisi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

(Kanyimbo pang'ono)

Takamba za mtima. Tsopano tikambe za thumba, chifukwa mabanja ambiri amachita manyazi kunena kuti matenda a kholo awasaukitsa, ngati kuti kuwerengera ndalama ndi kusakonda.

Mukumukumbukira Karl Deter uja wa ku njanji? Mkazi wake anakhala m'chipatala zaka zoposa zinayi, ndipo ndalama zolipirira zinamukulira. Anayesa kumusamutsira kumalo otsika mtengo, mpaka Alzheimer mwiniwake analowererapo kuti mayiyo akhalebe pomwepo. Kuyambira pa wodwala woyambayo, matendawa akhala akudya thumba la banja. WHO imati pafupifupi theka la mtengo wonse wa dementia padziko lapansi ndi ntchito imene abale ndi abwenzi amagwira osalipidwa, ndipo mwa maola 10 alionse osamalira odwalawa, 7 amagwira ndi akazi.

Taganizirani chidebe chimene chabooka malo anayi. Bowo loyamba limayamba kudontha banja lisanadziwe n'komwe kuti pali matenda. Mpamba wa bizinesi umatha ndi chenji cholakwika ndi ngongole zosalembedwa. Bambo alipira lendi kawiri, kapena osalipira miyezi itatu akuganiza kuti analipira. Akuba a pafoni aimba, akuti mwapambana mphoto, iwo n'kutchula nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Wina wochenjera awasainitsa pepala logulitsa puloti pamtengo wa mbuzi.

Bowo lachiwiri ndi malipiro amene aima. Munthu wa zaka 50 amakhala pachimake pa ntchito yake, fizi ya ana ili pamutu pake, nyumba ili pa lenta, ngongole ya kubanki isanathe. Akayamba kulakwitsa, kuntchito amamulembera makalata a chenjezo, kenako n'kumuchotsa ngati wosasamala, chifukwa palibe akudziwa kuti akudwala. Ena amasiya okha chifukwa cha manyazi. Kumudzi, munda umagonera chifukwa amene ankadziwa nthawi yobzala ndi yothira feteleza sakudziwanso kuti mvula yagwa.

Bowo lachitatu ndi kufunafuna machiritso. Banja limene silinauzidwe dzina la matenda limayenda. Kwa asing'anga mbuzi yapita. Kwina akuti bweretsani chopereka chapadera kuti muone chozizwitsa, njinga yagulitsidwa. Wina abwera ndi mabotolo okwera mtengo akuti amatsuka ubongo, banja lilowa katapila. Sindikunyoza pemphero. Pemphero lagwiriziza mabanja ambiri pa matenda amenewa, ndipo silifuna malipiro. Koma choonadi ndi ichi: mpaka lero palibe mankhwala ochiza Alzheimer. Alipo ena, monga donepezil, amene kwa odwala ena amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi, ndipo amalembedwa ndi dokotala. Aliyense wokulonjezani kuti kholo lanu lichira mukangolipira, akudyera pa misozi yanu.

Bowo lachinayi ndi lalikulu kuposa onse, koma silioneka. Ndi tsogolo la wodwazika. Wodwala akafika posasiyidwa yekha, wina ayenera kukhala pakhomo, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mwana wamkazi. Popanda thandizo, mtsikana uja asiya ntchito. Wa Fomu 2 uja ayamba kujomba, kenako fizi yasowa, sukulu yathera pomwepo. Onjezanipo sopo wochapira tsiku ndi tsiku, matewera a akuluakulu, thiransipoti ya anthu awiri kupita kuchipatala. Ndipo matendawa satha pa mwezi umodzi ngati malungo. Amatenga zaka, nthawi zina kupitirira 10. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo banja lotere limaidziwa bwino mvula imeneyi.

(Kanyimbo pang'ono)

Tafika pa gawo lomaliza: nanga tichite chiyani? Kumbukirani mawu athu aja, matendawa ali ndi dzina, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Choyamba, kapezeni dzinalo. Yambirani pachipatala chapafupi, mutenge buku la kuchipatala la wodwala ndi mankhwala onse amene akumwa. Apite nawo munthu amene amakhala nawo, chifukwa wodwala akafunsidwa amati ali bwino. Musananyamuke, lembani zimene mwaona ndi nthawi imene zinayamba. Pemphani kuti ayezedwe kuthamanga kwa magazi, shuga, HIV ndi chindoko. M'zipatala za maboma muli ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, ndipo angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti kholo lanu lapenga. Kumeneko ndi kumene kuli anthu odziwa za ubongo.

Chachiwiri, tetezani chuma nthawi ikadalipo. Ngati kholo lili pantchito, lisasiye ndipo lisasaine chilichonse musanatenge kalata ya dokotala. Malamulo a ntchito ku Malawi amapereka tchuthi cha matenda, ndipo lamulo la penshoni limalola munthu kulandira ndalama zake dokotala akatsimikiza kuti sangathenso kugwira ntchito. Kupuma chifukwa cha matenda n'kosiyana kwambiri ndi kuchotsedwa ngati wolakwa. Pamene kholo likutha kumva ndi kusankha, khalani nalo pansi. Lifunseni za ngongole, za mapepala a nyumba ndi munda, za amene likufuna kuti aziyendetsa ndalama zake, ndi za wilo. Musalilande zonse tsiku limodzi, lisiyireni kandalama kogulira sopo ndi kopereka kutchalitchi, chifukwa ulemu wa munthu umakhalanso m'thumba mwake. Pa za malamulo, a Legal Aid Bureau angakuunikireni. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma lanu mungafunse ngati banja lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo.

Chachitatu, itanani banja lonse, ndi amalume, azakhali ndi mwinimbumba omwe, ndipo wa ku Joni akhalepo pafoni. Gawanani katundu momveka, ndi maina ndi masiku. Uyu fizi, uyu chimanga, uyu adzagona kuno Loweruka ndi Lamlungu. Ana aamuna nawonso ali ndi manja, makamaka ngati wodwala ndi bambo ofunika kusambitsidwa. Ndalama zolowa ndi zotuluka zilembedwe m'kope limene aliyense angalione, kuti mawa pasadzakhale kulozana zala. Ndipo mugwirizane chinthu chimodzi chosasinthika: mwana wa sukulu asasiye sukulu.

Chachinayi, tsegulani chitseko. Uzani mfumu, anansi, a kabaza apasiteji, mwini golosale, kuti amayi akudwala matenda a ubongo, mukawaona akuyenda okha tiimbireni. Sokererani kansalu kolembapo nambala ya foni mkati mwa zovala zawo. Mankhwala a mbewu, parafini ndi machesi zikhale kobisika. Inu a mvano, a mphakati, a kumzikiti, ulendo wokaona wodwala usamathere pa pemphero ndi paketi ya shuga. Khalani naye wodwalayo masana onse, kuti wodwazika akagone tulo, akamete, akaone anzake.

Chachisanu, lekani kutsutsana ndi matenda. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, kuwauza kuti anamwalira kuli ngati kuwabweretsera uthenga wa maliro kachiwiri. Afunseni kuti, "Mwawasowa eti? Kodi munakumana kuti?" Akati mwawabera, musadziteteze, nenani kuti tiyeni tifufuze limodzi. Powasambitsa, afunditseni chitenje, achite okha zimene angathe. Lankhulani pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwerere kukhomo lija. Papita chaka, matenda sanachoke, koma tsopano ali ndi dzina. Amayi a banki mkhonde aja atamva, anabwera kudzapepesa, ndipo anagawana masiku, awiriawiri, kuti mtsikana uja asasiye ntchito. Dzuwa likupendeka, amayi amanga kampukutu kawo, akuti akupita kwawo. Mwana wawo sakutsekereza khomo. Akutulutsa zitenje zotsala za kumsika zija, n'kunena kuti, "Tipita amayi, koma tayambani mwandipindira izi, ine zimandikanika." Amayi akhala pansi. Manja aja agwira nsonga ndi nsonga, akunga, apinda, asalaza ndi chikhatho, mzere uli mwaa, monga ankachitira mumsika zaka zonse zija. Wina ayambitsa nyimbo ya kutchalitchi imene ankaimba ali mtsikana, iwo n'kuilandira, mawu onse osaphonya. Dzina la mwana wawo latayika, koma akamugwira dzanja, amadziwa kuti ali ndi munthu wawo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tisanasiyane, ndikusiyireni mafunso oti muwaganizire usiku uno. Kodi m'dera lanu muli munthu amene mwakhala mukumutcha wakuba, woledzera kapena mfiti, amene mwina akungodwala? Kodi m'banja mwanu muli wina amene akudwazika yekha, inu n'kumangofunsa pafoni kuti odwala ali bwanji, osamufunsapo iyeyo kuti wagona bwanji? Nanga inu amene mukudwazika, ndi ndani mmodzi amene mungamuuze mawa kuti, "Ndatopa, ndithandizeni"? Pa 21 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, koma khomo loyandikana nanu silingadikire tsiku limenelo. Ligogodeni sabata ino.

Matendawa ali ndi dzina, ndipo mutu umodzi susenza denga. Kwa inu nonse amene usiku uno mugone khutu limodzi lili kuchitseko, Mulungu akupatseni mphamvu, ndipo abale ndi anansi akupatseni mpumulo. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.

(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)